Ndodo yoyezera msinkhu sinama: mafunso ndi mayankho pa mphekesera za ku Alton Towers

Alton Towers ndi paki ya zisangalalo yomwe ili m'chigawo cha Staffordshire ku England, pamalo omwe kale anali a banja lolemekezeka la Earl wa ku Shrewsbury. Inayamba kukhala paki ya masitima ndi makatungwe amakono mu 1980, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Merlin Entertainments. Imatsegula m'mwezi wa Malichi n'kutseka kumayambiriro kwa Novembala, chisanu chikayamba kuluma. M'miyezi yotsekayo amisiri amakhala ali kalikiliki kuseri kwa mipanda, ndipo kunja kuno mphekesera zimakhala zili ponseponse. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe makolo amafunsa kawirikawiri, kuphatikizapo a kwathu omwe akukhala ku Britain ndipo ana awo ayamba kuwaumiriza kuti awaperekeze.

Kodi akati roller coaster "ya banja" amatanthauza chiyani?

Roller coaster ndi kasitima kopanda denga komwe amakakokera pamwamba pa chitunda cha njanji n'kukasiya kuti katsike kokha, kakukhotakhota, kukwera ndi kutsika mpaka liwiro litatha. Amene munakhalapo ku Joni mukuidziwa Anaconda ya ku Gold Reef City, ija munthu amakwera miyendo ili lendelende. Imeneyo ndi ya olimba mtima. Ya banja ndi yomwe mwana wa pulayimale, mkulu wake wa sekondale, mayi ndi bambo angakwere limodzi, onse n'kutsika akuseka. Ambiri amaisokoneza ndi kaja ka ana a mkaka koyenda ngati ngolo. Ya banja imathamanga ndithu, ina mpaka makilomita 70 pa ola, kungoti kawirikawiri sitembenuza anthu chadodolido ndipo sipanikiza thupi kwambiri pokhota.

Chizindikiro chodalirika ndi ndodo yoyezera msinkhu yomwe imakhala pakhomo lolowera. Ku Alton Towers, masitima monga Nemesis, Oblivion ndi The Smiler amafuna munthu wotalika mita 1.4, msinkhu womwe ana ambiri amafika ali ndi zaka pafupifupi 10. Thirteen ndi Wicker Man zimalola wa mita 1.2, yemwe nthawi zambiri amakhala wa zaka 6 kapena 7. Malire amenewa amachokera pa kapangidwe ka mpando ndi chitsulo chomwe chimatsekera munthu kuti asagwe, choncho wonenerera malonda sangawakometsere. Masentimita 20 amenewa ndiwo agona pansi pa nkhani yonseyi.

N'chifukwa chiyani paki imabisa chomwe ikumanga, chikhalirecho ikufuna kuti anthu adzabwere?

Chinsinsi chimatsatsa malonda popanda kulipira nyuzipepala. Munthu ukamuuza zonse lero, mawa waiwala. Ukamutsina khutu pang'ono, amagona akuganiza, kukacha n'kukafunsa mnzake. Alton Towers inazindikira zimenezi kalekale. Masitima ake akuluakulu ambiri amayamba ndi dzina lobisa lakuti Secret Weapon, kutanthauza chida chachinsinsi, lotsatana ndi nambala. SW1 ndi SW2 zinathera papepala. SW3 ndi Nemesis ya 1994, SW4 ndi Oblivion ya 1998, SW5 ndi Air ya 2002 yomwe lero ikutchedwa Galactica, SW6 ndi Thirteen ya 2010, SW7 ndi The Smiler ya 2013, ndipo SW8 ndi Wicker Man ya 2018. Poyamba linali dzina la mu ofesi chabe, koma eni paki ataona kuti anthu alikonda anayamba kuliika poyera, pa mipanda ndi pa zotsatsa.

Kenako amadontheza nkhani pang'onopang'ono: nambala, chizindikiro, dzina, tsiku lotsegulira. Kumayambiriro kwa 2013, chizindikiro cha nkhope yomwetulira cha The Smiler anachipopera ndi penti pa nkhosa za m'mafamu, anachiwalitsanso ndi magetsi pa nsanja ya Big Ben ku London. Dzina la Wicker Man analiulula mu Januwale 2018. Mwezi umenewu sausankha mwangozi: Khirisimasi yatha, kunja kuli mdima ndi chisanu, ndipo mabanja ali pansi kukambirana komwe adzapite ana akadzatsekera sukulu.

Nanga anthu ena amadziwa bwanji zinthu paki isanalengeze? Kodi alipo amawaululira?

Nthawi zambiri palibe. Lamulo ndilo limaulula. Ku England munthu sangomanga chinthu chachikulu osapempha chilolezo ku khonsolo, ndipo mapepala a pempholo aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti. Alton Towers imapempha ku Staffordshire Moorlands District Council. Malo ake ndi otetezedwa chifukwa cha nyumba yakale ndi minda ya maluwa, pafupi pali midzi ya Alton ndi Farley yomwe anthu ake sakondwa ndi phokoso, ndiponso masitima saloledwa kutumphuka pamwamba pa mitengo. N'chifukwa chake Nemesis anaimanga m'chidzenje chomwe anachita kuphwanya thanthwe, ndipo Oblivion imagwera m'una wa pansi pa nthaka. Zonsezi zimachititsa kuti pempho likhale ndi zojambula zambiri: kutalika kwa njanji, komwe idzere, mitengo yomwe idulidwe, phokoso lomwe liyembekezeke.

Okonda masitimawa amawerenga mapepala amenewa ngati mwana wokonzekera mayeso. Amayang'ananso mayina omwe kampani yalembetsa ku boma kuti ena asawagwiritse ntchito pa malonda. Zitsulo zikangofika pa lole, ena amadziwiratu kampani yomwe yazipanga, chifukwa njanji ya Bolliger & Mabillard ya ku Switzerland ili ndi msana wonga bokosi lachitsulo, pomwe ya Intamin imakhala ya timipope tolukanalukana. Ndimawapatsa ulemu anthu amenewa. Pa zomwe zili pa pulani, kawirikawiri sakhala kutali ndi choona. Pomwe amasochera ndi pamene pulani yangoonetsa nyumba ya makoma anayi osanena za m'kati mwake, chifukwa pamenepo aliyense amadzazamo maloto ake.

Ndiye kuti mphekesera zimapindulitsa paki nthawi zonse?

Ayi. Zimakhala bwino pokhapokha chomwe chili kuseri kwa mpanda chikufanana kukula ndi chomwe chili m'mitu ya anthu. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ku Alton Towers ng'oma imeneyo dzina lake ndi Thirteen.

Chinachitika n'chiyani ndi Thirteen?

Mu Novembala 2008 paki inatseka Corkscrew, sitima ya kampani ya Vekoma yomwe inalipo kuyambira 1980 ndipo inkatembenuza anthu chadodolido kawiri. Inali ngati agogo a pakiyo. Mpaka lero zigawo zake zopota zija anaziimika pafupi ndi chipata monga chikumbutso. Pamalo pake panabwera pulani ya SW6: njanji yodutsa m'nkhalango, ndi nyumba imodzi yomwe za m'kati mwake sanazionetse. Kwa chaka chathunthu anthu ankangolota za nyumbayo. Ena ankati njanji idzapendekeka, ena ankati sitima idzaponyedwa ngati mwala wa pa legeni, ena ankati muli kutembenuka komwe dziko silinaonepo.

M'malo mothira madzi pa motowo, otsatsa malonda anasonkhezera. Anapeka liwu latsopano lakuti psychoaster, kusonyeza sitima yosokoneza mutu, ndipo anainenerera ngati mapeto a masitima onse. Nyuzipepala zinalemba kuti mwina adzangolola anthu a zaka 16 mpaka 55, kuti okwera azidzasayina kaye chikalata chovomera zomwe zingawachitikire, ndiponso kuti munthu azidzakwera kamodzi kokha patsiku.

Pa 20 Malichi 2010 zipata zinatseguka, ndipo ndodo ya pakhomo inali pa mita 1.2.

Ulendo wake umayenda motere. Sitima imakwera chitunda cha mamita pafupifupi 20, n'kutsika, koma pa kutsika koyambako pali mabuleki omwe amaigwira pang'ono, moti wokhala kutsogolo amamva ngati wina waikoka malaya. Imakhotakhota pakati pa mitengo, n'kulowa m'nyumba ija, yomwe anaikonza ngati manda akale a pansi pa tchalitchi. Chitseko chimatsekeka kumbuyo. Sitima imaima, muli mdima. Mwadzidzidzi njanji yonse, ndi sitima yomwe, imatitimira pang'ono ngati yathyoka, anthu n'kukuwa. Asanapume n'komwe, yonse imagwa mamita 5 molunjika pansi. Kenako sitima imathamanga chafutambuyo mumdima wa ndiweyani mpaka kutulukira panja. Palibe pomwe imatembenuza munthu chadodolido.

Achinyamata omwe anabwera atamanga mitima kuti akakumana ndi choposa Nemesis anatsika akuona ngati awagwiritsa fuwa la moto. Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi ena omwe sanamveke n'komwe: makolo omwe anawerenga za zaka 16 ndi chikalata chosayina, n'kuuza mwana wa zaka 8 kuti iyi si yako. Sitima ya mapaundi 15 miliyoni inamangidwira mwana ameneyo, koma uthenga unapita kwa mkulu wake.

Ndiye kuti Thirteen ndi sitima yachabechabe, ndipo paki inaluza?

Zonse ziwiri si zoona, ndipo pano tiyenera kunena mwachilungamo. Chaka cha 2010 chinali chimodzi mwa zaka zomwe Alton Towers inalandira anthu ochuluka kwambiri, choncho pa kauntala yogulitsira matikiti kukokomezako kunagwira ntchito. Chomwe chinawonongeka ndi mbiri ya sitimayo pakati pa anthu omwe amalankhula kwambiri za masitima, komanso chikhulupiriro chawo pa mawu a paki. Zotere sizioneka m'buku la ndalama la chaka chomwecho.

Luso la njanji yogwa lija linali latsopanodi, la kampani ya Intamin, ndipo mapaki ena analitengera. Mu 2012 Busch Gardens Williamsburg ku America inatsegula Verbolten, ndipo Legoland ya ku Billund m'dziko la Denmark inatsegula Polar X-plorer. Zonse zili ndi njanji yogwa. Mu 2019 Universal ku Orlando inaiikanso pa sitima ya Hagrid, wa m'nkhani za Harry Potter. Taonani komwe lusoli linakakhazikika: pa masitima a banja okhaokha, ina mwa iwo m'paki ya ana ang'onoang'ono. Umenewo ndi umboni wa chomwe Thirteen inali kuyambira pachiyambi. Lero, phokoso la 2010 litaiwalika, ana amatsikamo maso ali tong'o, akukoka makolo kuti abwererenso pa mzere.

Akati "yoyamba padziko lonse", tizikhulupirira?

Muziwerenga mawu onse mpaka kumapeto, chifukwa chinyengo chimabisala m'mawu otsatira. Oblivion anaitsatsa ngati yoyamba kugwa molunjika pansi, koma njanji yake ndi yopendekeka madigiri pafupifupi 87, osafika 90. Wicker Man anaitcha yoyamba kuphatikiza matabwa ndi moto, koma odziwa anakumbutsa kuti ku Six Flags Magic Mountain ku California kunali kale sitima ya matabwa yokhala ndi malawi kuyambira 2009. Zina n'zoona ndithu: The Smiler inatsegulidwa ndi kutembenuka 14, kuposa sitima ina iliyonse. Vuto ndi lakuti paki ikazolowera kugulitsa ndi liwu lakuti "yoyamba", imayamba kusankha chomanga pofuna mutu wa nkhani m'nyuzipepala. Mwana wa zaka 7 safunsa ngati ku California kuli inzake. Amafunsa ngati amulola kukwera.

Ngati masitima oopsa ndiwo amatchuka, bwanji osangomanga amenewo?

Wachinyamata amabwera ndi tikiti imodzi, botolo la madzi m'chikwama, madzulo n'kubwerera kwawo. Banja limagula matikiti anayi kapena asanu, limadya nkhomaliro, limagula chithunzi ndi chidole, ndipo likachokera kutali limagona. Alton Towers inatsegula hotela yake yoyamba mu 1996, ya Splash Landings mu 2003, chigawo cha ana cha CBeebies Land mu 2014 ndi hotela yake mu 2017. Zipinda zonsezi zimafuna mabanja. Tsono pali zaka zovuta, kuyambira 6 mpaka 10, pomwe mwana wakula moti za CBeebies zimamuchititsa manyazi koma sanafike pa mita 1.4. Paki ikapanda kukhala ndi chomupatsa, banja lonse limaleka kubwera kwa zaka zinayi, ndipo mwina limakazolowera kwina.

Musaganize kuti ya banja ndi yotsika mtengo. Thirteen inadya mapaundi 15 miliyoni, Wicker Man 16 miliyoni, pomwe The Smiler ndi kutembenuka kwake konse inadya 18 miliyoni. Ku Dollywood, m'chigawo cha Tennessee ku America, anatsegula Big Bear Mountain mu 2023 pa mtengo wa madola 25 miliyoni, ndipo imalola mwana wotalika pafupifupi mita imodzi. Iwo sanachite manyazi kunena kuti ndi ya banja. Ananyadira kuti ndi yaitali kuposa masitima onse a m'pakimo ndiponso kuti ana aang'ono angakwere.

Kodi kuopseza kwa otsatsa kumasonyeza kuti sitimayo ingavulazedi munthu?

Mantha a pa chikwangwani ndi sewero. Chitetezo ndi nkhani ina, ya makina, malamulo ndi anthu ogwira ntchito. Pa 2 Juni 2015, ngolo ya The Smiler yonyamula anthu 16 inawomba ngolo ina yopanda anthu yomwe inaima panjira. Kompyuta inali itaimitsa sitima monga iyenera kuchitira, koma amisiri, posadziwa kuti pa njanji pali ngolo ina, anailamula kuti ipitirire. Atsikana awiri anadulidwa mwendo. Mu Sepitembala 2016 khoti la ku Stafford linalipiritsa Merlin mapaundi 5 miliyoni chifukwa cha kuperewera kwa ndondomeko zake za chitetezo. Chiwerengero cha alendo chaka cha ngoziyo chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Ngozi zotere n'zosowa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu omwe amakwera chaka ndi chaka. Komabe kuyambira tsiku limenelo, kuseweretsa mawu akuti "mwina simutulukamo bwino" kunasiya kukoma. Anthu anali ataona pa TV chomwe mawuwo amatanthauza akakhala enieni. Paki inafunika sitima yoti ibweze makolo, ndipo sitima yaikulu yotsatira inali ya mita 1.2.

Kodi pa Wicker Man anaphunzirapo kanthu?

Ndikuona kuti inde, ngakhale si pa zonse. Apa chinsinsi chinali chochepa, chifukwa pulani ya 2016 inaonetseratu kuti pamalo pa The Flume, bwato la pamadzi lomwe linayenda kuyambira 1981 mpaka 2015, pabwera sitima ya matabwa. Imeneyi inali nkhani payokha. Ku Britain kunali kusanamangidwe sitima yaikulu ya matabwa chimangireni Megafobia ya ku Oakwood m'dziko la Wales mu 1996, ndipo John Wardley, katswiri yemwe anali kumbuyo kwa Nemesis ndi Oblivion, anakhala zaka zambiri akulakalaka kuti Alton Towers ikhale nayo. Pulani ina ya 2003, ya sitima ya matabwa yodutsa chigwa, inalephereka. Tsono mphekesera za SW8 zinali za dzina ndi nthano yake, ndipo palibe amene ankayembekezera kuti idzaposa Nemesis pa kuopsa.

Otsatsa nawo anagulitsa chomwe chinalipodi: chimunthu chamatabwa chotalika mamita opitirira 17, nkhope ya munthu mbali ina, mutu wa nkhosa yamphongo mbali inayo, chomwe sitima imalowa m'mimba mwake katatu. Kampani ya Great Coasters International ya ku Pennsylvania ndiyo inamanga njanjiyo. Tsiku lotsegulira linasuntha pang'ono chifukwa cha chisanu, ndipo inayamba kunyamula anthu pa 20 Malichi 2018, zaka 8 ndendende chitsegulireni Thirteen. Amene anaona chithunzi n'kubwera anapeza chomwecho, chikufuka utsi. Pa liwiro ndi kutalika, masitima awiriwa sasiyana kwenikweni, koma ina anailandira ndi madandaulo, inayo ndi m'manja.

Nanga sitima ya banja ikhala bwanji ndi nthano yopereka anthu nsembe? N'koyenera kupita ndi mwana?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo kholo lisachite nalo manyazi. Nthano ya chimunthu cholukidwa chowotcheramo anthu ndi yakale. Julius Caesar analemba kuti anthu a ku Gaul ankachita zimenezi, ndipo mu 1973 kunatuluka filimu yoopsa ya dzina lomweli. Paki inapeka mtundu wa anthu wotchedwa Beornen, ndipo okwera ndiwo amakhala ngati nsembe yawo. Musanakwere amakulowetsani m'chipinda chamdima, ng'oma zikugunda, nkhope ikuoneka pakhoma, mawu akukuuzani zomwe zikukuyembekezerani. Ana ambiri amaopa chipindachi kuposa sitima yeniyeniyo. Mabanja ena opemphera safuna n'komwe kuti mwana aone sewero la nsembe, ndipo ali ndi ufulu wonse. Apa ndi pomwe ndimaona kuti paki ikanamalankhula momveka kwa makolo monga imalankhulira kwa achinyamata, pakuti ndodo ija imayeza thupi lokha. Onerani kaye kanema wa ulendowo pa YouTube, ndi chipinda chomwe, musanalonjeze mwana kanthu.

Ine ndinapitako ndi mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 7. Pakhomo anaima chilili, zidendene pansi monga anamuuzira wogwira ntchito, ndipo mutu wake unapitirira mzere ndi zala ziwiri zokha. Anayenda pa mzere wonse ngati wapambana mayeso. M'chipinda muja, magetsi atazima, anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Amalume, atiwotchadi?"

Ndinagwada n'kumunong'oneza kuti ndi sewero, ndipo ngati akufuna tituluke, tituluka pompano. Anapukusa mutu. Pa sitima anakuwa kuyambira pa chitunda choyamba mpaka pa mabuleki omaliza, matabwa akunjenjemera pansi pathu, utsi ukutiphimba kumaso nthawi iliyonse tikalowa m'chimunthu chija. Titatsika anakhala chete kanthawi, akuchiyang'ana.

"Moto uja ndi weniweni?"

Ndinamuuza kuti wa pamapewa ndi weniweni, koma wa m'kati ndi magetsi, zithunzi ndi nthunzi. Anaganiza pang'ono, n'kundikoka malaya kulozera komwe mzere unayambira.

"Tiyeni kachiwiri. Koma m'chipinda muja munditseke makutu."